Tsamba la pa Mphambano

Ine cholembera sichindimvera. Ndikachigwira chimaterereka ngati mlamba, ndiye nkhani iyi akundilembera ndi asewele anga, amayi ake a mkamwini wanga, amene anaphunzitsa sukulu mpaka choko chinawayeretsa tsitsi. Vuto lake ndi lakuti iwonso ali m'nkhani yomweyi. Mukaona penapake akuoneka abwino kwambiri, dziwani kuti pamenepo sindinayankhule ndine.

Mwana wanga wamkazi, chitsiriza, ali ku Joni ndi mwamuna wake. Mapitidwe ake sanandikomere. Ndinangomva kuti mapasipoti atuluka, mawa lake anali pa basi, osandifunsa n'komwe ngati ndikuvomera. Ndinakwiya miyezi ingapo, kenako mkwiyo unatha wokha, chifukwa kukwiyira munthu amene ali kutali n'kutopetsa, sakuona nkhope yako.

Ananditumizira mafoni awiri. Yoyamba inagwera m'chitsime nditawerama kuti ndione ngati ndowa yadzaza. Yachiwiri inali ija yopanda mabatani, yongosisita, koma zala zangazi, zosoka fodya ndi kukumba mtedza kuyambira ndili mtsikana, inkaziyesa mtengo. Ndikasisita, duu. Asewele akangoigusa ndi kachala kawo kosalala, inkayaka ngati yaona mwini wake. Ndinaibweza.

Ndiye chaka china atabwera pa Khirisimasi, mkamwini anapita ku boda n'kubwerako ndi kompyuta yopinda ngati buku la nyimbo, imene amati laputopu. Anaigula kwa dalaivala wa thiraki wa ku Zambia. Galasi lake lalikulu bwino, mabatani enieni otobwanyika. Anakhoma sola padenga, m'mbali mwa kompyutamo anasomekamo kanthu konga chala kokoka netiweki, ndipo anaikonza kuti ikangotseguka, iwo akaimba kuchokera ku Joni izidziyankhira yokha. Lamulungu lililonse, thu koloko masana. Ntchito yanga inali kungoyatsa.

Kungoyatsako ndiye kunali nkhani.

Tsiku loti andiphunzitse, tinasowa pokhala. Mkamwini ndi apongozi ake sakhala mphasa imodzi, kuno kwa Zulu sitinayambe zimenezo. Iye anakhala kumapeto kwa khonde atayang'ana kunkhokwe, ine kumapeto kwinaku ndi kompyuta pamiyendo, mwana wanga pakati ngati womasulira mlaliki.

"Muwauze amayi kuti akayatsa, pagalasi pabwera mdima ndi mizere iwiri ya zilembo zoyera," anatero mkamwini.

"Amayi, akuti mukayatsa..."

"Ndamva, sindine gonthi. Uwafunse bambowo kuti mizereyo ikuti chiyani."

Anafotokoza, akuuza nkhokwe, kuti m'kati mwa kompyutayo muli ngati nyumba ziwiri. Mzere wapamwamba ndi njira yopita kunyumba ya dalaivala uja, ndipo ndi yokhoma ndi pasiwedi, mawu achinsinsi amene ankawadziwa ndi mwini wake yekha. Mzere wapansi ndi njira ya kunyumba yathu, kumene kuli nkhope za ana anga. Ikayaka imayamba yafunsa kuti ukupita kuti. Pakona pamaoneka nambala ikutsika, teni, naini, eyiti, ndipo ukapanda kuyankha mpaka ziro, imangolowera yokha njira yapamwamba. Choncho ndizidina kabatani ka muvi woloza pansi kamodzi, kenako batani lalikulu la kumanja.

"Ndiye ndi mphambano," ndinatero.

Anaseka onse awiri, koma anavomera kuti ndi momwemo.

"Uwafunse kuti bwanji osaichotsa mphambanoyo."

Mkamwini anati zimatheka, koma zimafuna nthawi, adzakonza ulendo wina. Mawa lake anakwera basi.

Zilembo sindizidziwa, koma mphambano ndimaidziwa. Ndi pamene anthu amakatayira madzi osambitsira wodwala ndi mapale a miphika ya mankhwala, kuti wodutsa atenge nthendayo apite nayo. Ine ndine wa kutchalitchi, zimenezo sindizikhulupirira, kungoti ndikafika pa mphambano ndimalambalala pang'ono. Tsono taonani, mphambano inalowa m'nyumba mwanga, n'kukhala patebulo, nsalu yoluka itaifunda.

Masekondi teni ndi ochepa kwa munthu wokhala pakati pa anthu. Ukangoyatsa, panja wina wati odi. Munthu akati odi sungamuuze kuti dikirani kaye ndili pa mphambano. Umatuluka, kumulonjera, kufunsa za kunyumba, za mwendo wa amuna ake, za mbuzi imene inasowa. Pobwerera m'nyumba umapeza kompyuta yafika kale pakhomo pa dalaivala: chithunzi cha thiraki yofiira, pakati kabokosi koyera, kamzere kakuphethira kudikira mawu achinsinsi. Tsiku loyamba ndinati odi. Sindikunama, ndinati odi, kawiri. Masiku ena ndinkaisiya pomwepo mpaka dzuwa kupendeka kuti iganizire khalidwe lake. Kenako ndinkapanikiza batani loyatsira mpaka ikomoke, n'kuyambiranso.

Komabe ndinazolowera. Ndinkatseka chitseko, kuthamangitsa nkhuku, chala n'kuchiika pa muvi ndisanayatse. Muvi kamodzi, batani lalikulu. Chaka chathunthu ndinaona mwana wanga akunenepa pagalasi, mpaka tsiku lina ndinazindikira kuti kunenepako si kwa buledi.

Apa mumvetse bwino. Mwana wawo woyamba, wamwamuna, anamutcha dzina ndi a kuchimuna, ndiye kuti asewele angawa. Anasankha dzina la m'buku, lalitali, loti ine ndikafika pakati ndimapuma. Sindinadandaule, unali mwayi wawo. Wachiwiriyu anali wanga. Dzina ndinali nalo kale, ndinalisunga zaka zambiri osauza munthu. Koma kwathu sutcha mwana amene sunamuone nkhope. Dzina limafuna kuyesa, ngati nsapato.

Lachiwiri lina asewele anafika pa njinga yawo kuchokera kutsidya kwa dambo, foni yosisita ili m'manja. Anati mwana wabadwa, wamkazi, onse ali bwino. Mchombo watsala pang'ono kugwa, ndiye Lamulungu likudzali amutulutsa m'chikuta, ngakhale chikuta cha ku Joni ndi kachipinda kamodzi pamwamba pa nyumba ya ena. Tsiku lomwelo, thu koloko, amuonetsa pagalasi kuti ndimutche.

Lachitatu ndinati ndiyese makina anga, angandichititse manyazi. Ndinayatsa, chala pa muvi. Mdima unabwera monga mwa masiku onse. Koma mizere inali inayi.

Ndinapukuta maso. Inayi. Zaswana.

Nambala ikutsika, ndinachita zimene ndimadziwa, muvi kamodzi, batani lalikulu. Galasi lonse linasanduka la buluu, manambala akuyenda m'mizere ngati linthumbu likusamuka. Ndinaikomola, kuyatsanso, chimodzimodzi. Ndinati mwina tsopano n'kawiri. Nditadina kawiri, zilembo zinayamba kutsika pagalasi ngati mvula ya matalala, osaleka, kanthu kowomba mphepo m'kati kakulira, pansi pakutentha moti ukanaumitsapo fodya. Inakana ngakhale kukomoka, mpaka batire linatha lokha. Katatu sindinayese. Munthu amene walumidwa pa mauna awiri sapisa dzanja pa una wachitatu.

Lachinayi m'mawa asewele anabweranso, ati amangodutsa. Kwathu kuno sikudutsa njira yopita kulikonse. Anayang'ana patebulo pamene kompyuta inali itafunda.

"Ikugwira ntchito, asewele?"

"Ikupuma."

"Chifukwatu ikavuta musadzivutitse. Mudzangobwera kwathu, mudzaonere pa foni yanga. Ndidzakugwirirani."

"Zikomo."

"Ndipo zikakanika zonse, mwana sangagone wopanda dzina. Ndalembako angapo m'kope, ongothandizira."

Akunena pano kuti ananena ndi mtima wabwino. Lembani zimenezo, asewele, koma mulembenso kuti kopelo linali latsopano, logulira ntchito yomweyo. Ine ndinaona m'maganizo mwanga mmene zidzakhalire: ine pa mpando wawo wa khushoni, iwo atagwira foni, akuipendeketsa mmene akufunira, netiweki ikadukiza pang'ono iwo n'kunena kuti agogo akuti chakuti. Wogwira foni ndiye wagwira mwana. Ndipo kuwapempha kuti andiwerengere mizere inayi ija, kunali bwino ndimeze khasu.

Atapita ndinakhala pakhonde n'kumaganiza za mphambano zenizeni. Kale tikamapita ku maukwati kutsidya kwa malire, podzera njira zachidule za m'tchire, otsogola akafika pamene njira zagawikana ankathyola nthambi yaiwisi n'kuigoneka chopingasa pa njira yolakwika. Obwera m'mbuyo akaona masamba, ankadziwa kuti uku kwatsekedwa, n'kulowera kwinako. Panalibe cholemba, panalibe kufunsa. Ndinati nanga kompyutayi ili ndi nzeru kuposa gulu lonse la amayi opita ku ukwati? Njira ya dalaivala ndikuidziwa, ndi yapamwamba. Ndikaitseka, makinawa aona okha kuti kwatsala n'kubwerera kwawo, monga ichitira mbuzi.

Batire litadzaza ndinathyola tsamba la mango, lalitali bwino, losabooka. Ndinayatsa kuti ndione pamene mzere wapamwamba umakhala, ndinaikomola, ndinapaka kaphala kozizira kunsi kwa tsamba n'kulimata pagalasi chopingasa. Ndinayatsanso n'kupinda manja.

Teni, naini, eyiti. Inawerenga mosatekeseka mpaka ziro, n'kudutsa pansi pa tsamba langa. Thiraki yofiira ija inatulukira, tsamba lili pamphumi pake ngati yavala duku.

Lachisanu ndinalawira. Ndinakumbuka kuti mkamwini anati malondawo anachitikira m'kontena ya mayi wina wolemba mapepala a mathiraki ku boda. Kompyuta ndinaikulunga m'thawulo n'kuibereka kumbuyo ndi chitenje, chifukwa m'manja ikanagwa. Wakabaza amene ananditenga kupita kumsewu wa tala anapalasa mosamala kwambiri, akuzemba mabampu onse. Titafika anati, "Agogo, mwanayu sanalire njira yonse, muthamangire naye kuchipatala." Ndinamuuza kuti n'kumene ndikupita.

Ku boda mathiraki anali atandanda mpaka kukhota, madalaivala atayanika zovala pa magalasi, ena akuphika pansi pa matayala. Ndinafunsa kawiri n'kuipeza kontenayo. Mayiyo anali wa msinkhu wa mwana wanga woyamba, wovala mandala, zala zake zikuthamanga pa mabatani iye akuyang'ana kwina. Ndinamasula chitenje n'kutsitsa wodwala patebulo. Atatsegula, tsamba lija linali lidakali pomwepo, litayamba kufota.

"Agogo, ichi n'chiyani?"

"Ndatseka njira."

Anandiyang'ana, anayang'ana tsamba. Ndinamufotokozera zonse, za mphambano, za maukwati a kutsidya, za Lamulungu ndi kope la asewele. Anaseka mpaka anavula mandala n'kupukuta misozi ndi kolala ya bulauzi. Ndinali pafupi kuberekanso katundu wanga, koma iye anandigwira dzanja.

"Musakwiye, agogo. Mwaganiza zoona. Kutseka njira ndiye mankhwala ake. Kungoti tsambalo mwaliika kunja, pamene liyenera kulowa m'kati."

Analimatula, anapukuta phala ndi kansalu konyowa, n'kuyatsa. Mizere inayi itabwera anangoyang'ana kamodzi.

"Yanu ndi iyi yapansi penipeni. Muvi katatu. Aliyense wodziwa kuwerenga akanakuuzani."

Asewele atsokomola. Lembani, musatsokomole.

Ndinafunsa kuti nanga zinaswana bwanji. Anati masiku amene ndinkaisiya pakhomo pa dalaivala kuti iganizire khalidwe lake, netiweki inali yolumikiza, ndiye nyumba ya dalaivalayo inkadzikokera zinthu zatsopano, n'kudziwonjezera tinjira tiwiri ta amisiri, toyezera ngati makina ali bwino. Ndiye kuti chilango changa ndicho chinaibereketsa.

"Basi, pitani, muzikadina katatu," anatero.

"Zikakaswananso Loweruka? Wina akadzati odi? Mayi, ine sindikufuna kuphunzira kuyankha bwino. Ndikufuna isamandifunse."

Anati zimenezo n'zotheka, koma mphambanoyo anaimanga ndi a nyumba yapamwamba, ndiye kuti aikonze ayenera kulowa kwa dalaivala. Pamafunika pasiwedi. Anatembenuza kompyuta, anaona chomata cha tambala pachivundikiro, n'kumwetulira.

"Mwini wake ndikumudziwa. Ali pa mzere kuyambira Lachitatu, mapepala ake ndi awa."

Anamuimbira. Patapita kanthawi kunalowa chimunthu chachikulu, thawulo m'khosi, chimanga chootcha m'manja.

"Mwachoma bwanji, ambuya?" anatero m'chinyanja chawo cha kutsidya.

"Ndaswera. Ndinu amene munagulitsa nyumba n'kupita ndi kiyi wa kuchipinda?"

"Ah, ambuya, ine ninagulisa kudala iyi. Manje pasiwedi naibala."

"Muikumbuka. Ine chaka chathunthu ndakhala ndikuti odi pakhomo panu, thiraki yanu ndikuidziwa kuposa nkhope ya mdzukulu wanga."

Anaika chimanga pambali n'kukhala. Anayesa nambala ya thiraki, inakana. Anayesa dzina la akazi ake, akulitchula mokweza kuti tonse timve kuti ndi mwamuna wokhulupirika. Inakana. Anayesa tsiku lobadwa mwana wake, kabokosi kanangogwedezeka ngati kakupukusa mutu.

"Yesani lina lija," anatero mayi wa mandala, akusanja mapepala ake.

"Liti?"

"Lija mumaliimbira foni mukangowoloka."

Thukuta linayamba kutsika. Anapempha kuti tiyang'ane kumbali.

"Ine sindiwerenga, bambo," ndinamuuza. "Lembani momasuka."

Analemba ndi chala chimodzi, dzanja linalo ataphimba. Chitseko chimene ndinagogoda chaka chonse chinatseguka. Mayi uja, amene anayang'ana kumbali ndi diso limodzi lokha, anafunsa kuti akazi awo anasintha liti dzina.

"Ni zina ya mbuzi yanga," anatero dalaivala.

"Mbuzi ya ku Katete ija yovala wigi?" anafunsa mayi uja.

Anatola chimanga chake n'kunena kuti mzere ukusuntha. Panja palibe thiraki imene inasuntha.

Ine ndinati tsopano popeza talowa, agwetse nyumba yonseyo, asasiye ngakhale mzati. Mayiyo anakana. Anati njira ya kwanu imayambira pabwalo pa nyumba iyi, tikaigwetsa mosasamala kompyuta idzayaka n'kusowa kolowera, ndipo Lamulungu ndi mkuja. Chimene achite n'kuiuza zinthu ziwiri zokha. Anatsegula kawindo kakuda n'kulemba timizere tochepa. Choyamba, anati, ndaiuza kuti njira yake ndi ya kwa agogo, ndipo ndaitchulira dzina la njirayo, osati kuti yachinayi, kuti ngakhale ziswane khumi isasochere. Chachiwiri, kudikira kuja kwa teni ndakusandutsa ziro.

"Ndiye mphambano ikhalapobe?"

"Ikhalapo, koma simudzaiona. Izidutsa isanafunse. Tsamba lanu lija ndi limeneli."

Anaizimitsa n'kuyatsa katatu ine ndikuona, ndipo katatu konse inalunjika kwathu. Koma ine sindinakhulupirire kwenikweni. Ndalera ana asanu ndi awiri, ndikudziwa kuti mwana wotentha thupi amachira mukangofika pakhomo pa chipatala, n'kudzayambiranso kunyumba. Ndinamusiyira mayiyo kathumba ka mtedza n'kubereka wodwala wanga. Loweruka lonse sindinayatse. Ndinkaopa kumaliza mankhwala tsiku lisanafike.

Lamulungu titaweruka ku tchalitchi ndinasesa m'nyumba, ndinavala duku latsopano. Isanakwane thu koloko, belu la njinga panja. Asewele, foni kudzanja ili, kope kudzanja ilo.

"Ndati ndikhale pafupi, mwina pafunika thandizo."

"Khalani, mpando uwo."

Ndinavundukula nsalu yoluka. Ndinaika chala pa muvi, poti chala sichimva nkhani za ku boda. Ndinayatsa. Mdima unabwera, ine ndikudikira mizere. Asewele anali atatsegula kale kope pamiyendo. Mdimawo unangophethira kamodzi, kenako galasi linawala, n'kubwera chithunzi cha maluwa cha pakhomo pa nyumba yathu ya m'kompyuta.

Zimene sindinadziwe n'zakuti ku Joni anali akuimba kale. Kompyuta inawayankha nthawi yomweyo, koma netiweki yathu ya kuno imatumiza mawu athu patsogolo, nkhope zimabwera m'mbuyo ngati akuluakulu. Iwo ankatimva, ife tisakuwaona. Akuti mkamwini anali atangonena kumene kuti, amayi, mwana uyu, tikudikira dzina. Ine sindinamve kanthu. Ndinatembenukira kwa asewele, chala chidakali m'mwamba, n'kunena mokweza, mawu amodzi okha, kuti amve bwino ndi kope lawolo:

"Sinafunse."

Ndinkanena kompyuta. Koma mawu akayenda ulendo wautali choncho amafika atakwinyika. Kumeneko anamva kuti, sunafunse.

Nkhope zitatulukira, ndinaona mkamwini atazolika, cholembera m'manja, atayamba kale kulemba pa kapepala. Mwana wanga anali atafukata kamwana, misozi ikutsika.

"Amayi, zaka zonsezi mudakali nazo za basi ija? Inde sindinakufunseni, ndinalakwa. Koma mpaka kumusenzetsa mwana? Azidzayenda nalo dzina limeneli kusukulu?"

Kunena zoona, mayina otere aliko. Ndikudziwa anthu a msinkhu wanga amene anatchedwa mayina a mkwiyo, mwana n'kukhala kalata yopita kwa apongozi kapena kwa mkazi mnzako. Ndiye mwana wanga sanaganize zopusa.

Ine, amene pa maliro amandikhazika pakati kuti anthu asagone, amene sindinasowepo chonena chibadwire, ndinangokweza chala. Ndinkangoloza kompyuta, kuloza muvi, kuloza asewele. Kumeneko ankangoona gogo akuwaloza chala.

Apa ndinene ndekha, asewele asachite kuwonjezera. Mpata unali wawo. Akanangoti agogo atopa, tiyeni tithandize, n'kuwerenga dzina loyamba m'kope, palibe akanawatsutsa. Anayang'ana kope, anandiyang'ana ine. Kenako analitseka, analikhalira, n'kusendeza mpando mpaka mutu wawo unagunda wanga pagalasi.

"Apongozi, pukutani misozi. Amayi anu sanatche. Akunena makinawa, kuti lero sanawafunse njira. Nkhani yake ndi yaitali, muli tsamba la mango, mudzaimva. Iwe, fufuta zimene walembazo. Sendezani mwana kuno amuone."

Anamusendeza mpaka anadzaza galasi lonse. Kanthu kofiirira, kokwinya nkhope ngati kakumva fungo la utsi. Ndinayang'ana mphumi, ndinayang'ana makutu. Khutu lakumanzere linali lopindika pamwamba, ngati wina analitsina lisanaume. Khutu limenelo ndinalionapo pa munthu mmodzi yekha, ndinkaliyang'ana ndili kumbuyo kwake pa ulendo wa kumunda. Nsapato inakwana.

Ndinatchula dzina la amayi anga. Ndinalitchula katatu, pang'onopang'ono, ndikudikira pakati kuti lifike lonse, ndipo ndinawauza kuti alibwereze mmodzimmodzi ndimve. Mkamwini analibwereza akuyang'ana khoma la kwawoko. Mwana wanga analibwereza n'kuyambanso kulira, koma kulira kwina. Asewele analuluta mpaka nkhuku zinathawa pakhonde.

"Za basi ija unalakwadi," ndinamuuza mwana wanga. "Koma ndikafuna kukukalipira ndidzakukalipira iweyo, pamaso. Mwana si mphambano yotayirapo madzi a odwala."

Dzinalo sindilitchula muno. Ndi lake, akadzakula adzakuuzani yekha. Kungoti bambo ake, ndamva, kamwanako kakagwira chinthu chosapatsidwa, amakaitana kuti Sunafunse, mawu anga aja, onse n'kuseka.

Kompyuta mpaka lero sinafunsenso. Anthu akati odi ndimatuluka, kulonjera mpaka za mbuzi, pobwera ndimapeza mdzukulu wanga ali kale pagalasi akuyang'ana mpando wopanda munthu. Chala chokha ndicho sichinamve, chimapitabe pa muvi.

Asewele akuti ndisatseke nkhani ndisananene kuti Lachinayi lija, ndikanangovundukula nsalu n'kuwafunsa, akanandiwerengera mizere ija, ndipo sindikanabereka makina kupita nawo ku boda. N'zoona. Ndawauza kuti alembe, koma m'munsi, ndi zilembo zing'onozing'ono. Ndawafunsanso kuti m'kope muja munali mayina anji. Akuti akusungira wachitatu, poti wachitatu ndi wawo.